Chisaka chinayenda ndi ana a nthochi amene tinkapatsana

Nthochi zambiri zimene tikugula m'misika ya m'tauni masiku ano si zakwathu. Zina zimalowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania, zina zimachokera ku Mozambique, ndipo mtengo wake umachita kuonetseratu kuti zayenda ulendo. Amene anatsegula maso m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akudziwa kuti kale malole ankatsetsereka kuchokera ku Thekerani, ku Masambanjati ndi madera ena a Thyolo ndi Mulanje atasenza mikoko mpaka kupendekeka, kulunjika ku Limbe ndi ku Lilongwe. Nthochi zinkalipirira ana sukulu, zinkagula malata, ndipo pakhomo pokhala nthochi njala ya mu February sinkaluma kwambiri, chifukwa nthochi zilibe nyengo imodzi yokolola. Chinathetsa zonsezi ndi nthenda ya nthochi yotchedwa chisaka.

Chisaka timachidziwa ndi maso. Tikaona masamba atapanikizana pamwamba, ang'onoang'ono, oima chilili, achikasu m'mphepete, palibe amafunsanso kuti ndi chiyani. Koma ndi ochepa amene anauzidwapo kumene nthendayi imakhala m'kati mwa nthochi, ndipo ine ndimakhulupirira kuti kusauzidwa kumeneku kunatitayitsa zambiri. Munthu amene sakudziwa kumene mdani wabisala amagula mankhwala opopera, amathira manyowa ndi phulusa, amadula thunthu n'kudikira kuti mwana amene atuluke akhala wabwino. Mlangizi akamuuza kuti azule phata lonse, amangomva nkhanza.

Chomera chili ndi njira ziwiri m'kati mwake. Ina imakweza madzi ndi michere ya m'nthaka kuchoka kumizu kupita kumasamba, ndipo asayansi amaitchula xylem. Inayo imatenga shuga amene masamba apanga ndi kuwala kwa dzuwa n'kumupereka kulikonse kumene kukukula kanthu: kumizu, kunsonga, kuzipatso, kumphukira. Imeneyi ndiyo phloem. Aliyense amene anasendapo luzi anaigwira ndi manja ake. Khungwa la m'kati la mombo, lonyowa ndi loterera lija, ndi mmene mumadutsa njirayi. N'chifukwa chake mtengo ukausenda khungwa kuzungulira thunthu lonse suuma tsiku lomwelo. Madzi amakwerabe, masamba amakhalabe obiriwira kwa miyezi, koma mizu yasiya kulandira chakudya, ndipo ikafa ndi njala mtengo wonse umatsatira. Nthochi ilibe khungwa lotere. Mitsempha yake ndi yomwazikana m'makoko, m'masamba ndi m'phata monse, koma ntchito yake ndi yomweyo.

Mitsempha ya chakudyayi ndi timaselo titalititali tolumikizana kumapeto, ndipo polumikizanapo pali timabowo tambirimbiri todutsa madzi a shuga. Anayamba kuifotokoza ndi katswiri wa nkhalango wa ku Germany, Theodor Hartig, mu 1837. Madzi a m'menemo amakhala othinana kwambiri, ndipo mtsempha ukangoboola kapena kuduka, chomera chimatseka bala mwamsanga kuti shuga asatayike. Kwa kachilombo, malo amenewa ndi amtengo wapatali. Chakudya chilipo chosatha. Dzuwa silifikamo, mvula sifikamo, mankhwala opopera pamasamba safikamo. Ndipo njirayo imapita paliponse, moti kachilombo kakalowa pa tsamba limodzi kamatengedwa ndi shuga yemweyo mpaka kuphata, kuchokera kuphata n'kukwera mwa mwana aliyense amene akuyamwa pamenepo. Chovuta chake n'chimodzi: kulowamo. Mphepo singakalowetse, madzi sangakalowetse, nthaka singakalowetse. Pamafunika wina wokabaya nako.

Wobayayo ndi nsabwe ya nthochi, imene m'mabuku amailemba kuti Pentalonia nigronervosa. Ndi yakuda moderako, ndipo sikonda poyera. Imabisala m'kati mwa makoko, m'tsamba lapakati limene lisanatambasuke, patsinde pafupi ndi dothi, makamaka pa ana a nthochi. Mlomo wake ndi wowonda kuposa tsitsi. Umalowa pang'onopang'ono, kuzemba pakati pa maselo osawang'amba, mpaka utapeza mtsempha wa shuga. Ikafika pamenepo nsabwe sivutikanso n'kuyamwa, madzi othinana aja amadzikankha okha kulowa m'mimba mwake. Amakhala ochuluka kuposa amene ikufuna, choncho otsala imatulutsa ali otsekemerabe, ndipo nyerere zimabwera kudzanyambita. Nyererezo zimateteza nsabwe kwa adani ake. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa nthochi osalekeza, fendulani khoko muone. Nsabwezi zimaswana popanda yamphongo, yaikazi imangobereka ana amoyo, ndipo zikachulukana pamalo amodzi pamabadwa zamapiko zimene zimauluka kukafuna nthochi ina.

Nsabwe ikayamwa kwa maola angapo pa nthochi yodwala, vairasi wa chisaka amalowa m'matumbo mwake, n'kudutsa mpaka kukafika m'malovu. Kuyambira pamenepo imakhala ngati singano ya jakisoni imene ikubaya odwala ndi abwino omwe osaisintha, mpaka tsiku limene idzafe, pakatha milungu iwiri kapena itatu. Ana ake sabadwa naye vairasiyo, koma popeza amabadwira pa nthochi yodwala yomweyo, amamutenga akangoyamba kuyamwa.

Apa pali mfundo imene ndimafuna ikanalalikidwa m'misonkhano ya mafumu. Chisaka sichiyenda pa chikwanje. Sichiyenda pa khasu, sichitsalira m'dothi, sichili m'nthochi yakupsa imene mwana akudya moti n'kumudwalitsa. Matenda ena a nthochi amatero. Panama, amene amatseka njira ya madzi ija, amatha kukhala m'nthaka zaka makumi angapo, ndipo pali matenda a bakiteriya ofotetsa nthochi amene amafala ndi mpeni wodulira. Chisaka ayi. Vairasi wake sakhala moyo kunja kwa mtsempha wa nthochi yamoyo kapena thupi la nsabwe. Phata lodwala likauma n'kufa, nayenso wafa. Munda umene munali chisaka si wotembereredwa.

Chizindikiro choyamba si masamba opanikizana aja, amenewo amabwera zinthu zitaipa kale. Choyamba chimaoneka mukatenga tsamba lanthete n'kuliyang'ana chakunsi molozetsa kudzuwa. Motsata mitsempha mumaoneka timizere tobiriwira kwambiri, todukaduka, kadontho kenako kamzere, ndipo pafupi ndi msana wa tsamba timizereto timapinda ngati mbedza. Pa msana weniweniwo ndi pa phesi pamaonekanso mizere yotere mukapukuta phula loyera lija. Apo ndiye kuti mitsempha ya chakudya yasokonezeka. Tsamba lililonse lotuluka pambuyo pake limachepera lomwe linalitsogolera, lopyapyala, lothyoka msanga. Nthochi imene yagwidwa ili yaing'ono sibereka n'komwe. Imene yagwidwa itakula ikhoza kutulutsa mkoko umodzi wopunduka, koma ana ake onse amatuluka odwala.

Kuchokera tsiku limene nsabwe yabaya kufika tsiku limene timizere tija tioneke pamadutsa pafupifupi mwezi nyengo ikakhala yotentha, ndipo m'nyengo yozizira pakhoza kudutsa miyezi itatu kapena inayi. Nthawi yonseyi nthochi imaoneka yathanzi. Apa m'pamene nkhaniyi imandipwetekera mtima.

Nsabwe siuluka patali. Kafukufuku wa ku Australia anapeza kuti nthochi zambiri zogwidwa kumene zimakhala pa mtunda wosapitirira mamita 20 kuchokera pa yodwala, ndipo n'zosowa kuti ifike mamita 100. Nsabwe yokha sikanachotsa chisaka kunyanja, kumene chinayambira kuoneka m'dziko muno, n'kuchikweza mapiri a Thyolo. Tinachinyamula ndife. Nthochi zathu zilibe njere, timabzala ana. Ndipo mwana wa nthochi kwathu kuno sagulitsidwa kawirikawiri, amapemphedwa. Mlendo akayamikira mkoko umene wapsa pakhomo, pobwerera amamukumbira mwana n'kumumangirira panjinga. Mtsikana akakwatiwa kutali, amayi ake amamupatsira ana awiri atatu kuti akayambire pakhomo patsopano. Wopita kumaliro m'boma lina amabwerako ndi mtundu umene kwawo kulibe. Palibe amene ankapereka mwana wooneka wodwala. Aliyense ankasankha wonenepa, wamasamba osongoka, kuchokera pa phata limene ankalinyadira. Vairasi anali kale m'mitsempha, wosaoneka.

Sindinena izi kuti tisiye kupatsana. Mwambo umenewu ndi umene unafikitsa nthochi pakhomo lililonse popanda ndalama, ndipo ndi umene unasunga mitundu yambirimbiri imene palibe kampani ikanaisamala. Ndikungonena kuti nthenda yobisala m'mitsempha inapeza njira yake m'chinthu chabwino kwambiri chimene tili nacho, ndipo uphungu uliwonse umene sulabadira zimenezi umakanika.

Matendawa si a kuno. Analembedwa koyamba ku Fiji mu 1889, ku Egypt anaoneka mu 1901, ndipo ku Congo anadziwika m'zaka za m'ma 1950. M'Malawi muno anayamba kuoneka mu 1994 cha ku Nkhotakota, n'kutsimikizidwa ndi akatswiri mu 1997. Mitundu imene inali ya malonda, monga Kabuthu ndi Williams, ndi imene imagwidwa mosavuta, choncho nkhonya inagwera pomwe panali ndalama. Mitundu ina yolimba monga Zanda ndi Kholobowa imachedwa kugwidwa ndipo imapirira, koma palibe nthochi yodyedwa imene yapezeka kuti sigwidwa n'komwe. Yopirirayo ikagwidwa imasunga vairasi mwakachetechete pafupi ndi munda wa mnzako.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti vairasi mwini wakeyo anakhala zaka zambiri osaonedwa ndi munthu. Ku Australia, C. J. P. Magee anasonyeza mu 1927 kuti chisaka chimafala ndi nsabwe, koma asayansi anadzatha kumupatula vairasiyo n'kumuona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndi kanthu kozungulira, kakang'ono zedi, ka mananomita 18 mpaka 20, ndipo malangizo ake a moyo ali m'tizidutswa 6 ta DNA, kalikonse m'chikwama chakechake. Anachedwa kupezeka chifukwa amakhala wochepa, m'mitsempha yokhayokha, imene ndi kagawo kakang'ono zedi ka tsamba. Umu ndi mmene zilili ndi tizilombo tonse ta m'njira imeneyi. Gulu lina lotchedwa phytoplasma, mabakiteriya opanda chikopa cholimba, linadziwika mu 1967 ku Japan, pamene kwa zaka zambiri matenda ake ankanamiziridwa mavairasi. Ndi gulu limeneli limene lagwetsa mitengo ya kokonati yosawerengeka m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, kusiya mathunthu opanda mitu kumene kale kunali minda ikuluikulu kuzungulira Quelimane.

Amene akuganiza kuti tinagonja chifukwa cha umphawi wokha ayang'ane ku Florida, m'dziko la America. Matenda a malalanje otchedwa huanglongbing, amene ena amati greening, anapezeka kumeneko mu 2005, chaka chimodzi atapezeka ku São Paulo m'dziko la Brazil. Amayamba ndi bakiteriya wokhala m'mitsempha ya chakudya, wofalitsidwa ndi kachilombo kakang'ono koyamwa masamba anthete. Mtengo umatseka mitsempha yake pofuna kudziteteza, shuga amaunjikana m'masamba, mizu imafa, zipatso zimakhala zazing'ono, zopendekeka ndi zowawa. Florida inkakolola mabokosi a malalanje opitirira 200 miliyoni pa chaka matendawa asanafike. M'zaka zaposachedwazi yatsika mpaka pansi pa 20 miliyoni, ngakhale kuti mphepo zamkuntho nazonso zathandizira. Bakiteriyayu mpaka lero palibe amene watha kumuweta payekha mu labotale, ndipo zimenezi zimachedwetsa kufufuza mankhwala. Alimi akumeneko afika poboola thunthu la mtengo uliwonse n'kubayamo mankhwala opha mabakiteriya otchedwa oxytetracycline, chifukwa kupopera pamwamba sikufika kumene iye ali. Kumeneko kuli mayunivesite, kuli ndalama, koma nthenda ya m'mitsempha yawagwaditsa.

Amene anachita bwino ndi a ku Australia, ndipo anachita zimenezo kalekale, asanamuone n'komwe vairasiyo. Chisaka chinafika kumeneko mu 1913 ndi ana a nthochi ochokera ku Fiji. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1920 ulimi wa nthochi kumalire a zigawo za Queensland ndi New South Wales unali utagwa. M'dera la Currumbin minda inatsika kuchoka pa 100 kufika pa 4 pakati pa 1922 ndi 1925. Atamva zimene Magee anapeza anakhazikitsa malamulo. Munda uliwonse wa nthochi unkalembetsedwa. Mwana wa nthochi sankachoka dera lina kupita lina popanda chilolezo. Panali anthu olembedwa ntchito yoyendera minda, ndipo phata lodwala linkaphedwa mwini wake afune asafune. Chisaka sichinatheretu, chikadalipo mpaka lero kummwera kwa Queensland ndi kumpoto kwa New South Wales, koma chinachepa moti ulimi unadzukanso, ndipo sichinafike kumpoto kwa Queensland kumene kumachokera nthochi zambiri za dzikolo.

Anthu akamva nkhani imeneyi amathamangira kunena kuti alimi athu ndi osamva, anauzidwa kuti azule koma anakana. Ine sindivomereza. Ndinalipo tsiku lina mlangizi atafika kwa mayi anga aang'ono, amene nthochi zawo zinali kuseri kwa nyumba, zina zodwala, zina zikuberekabe. Anawafotokozera mwaulemu kuti zonse ziyenera kuchoka. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Bambo alangizi, ndamva. Koma ndikazula lero, mbewu yatsopanoyo mubwera nayo liti? Nanga anawa azidya chiyani podikira?" Mlangizi anayankha kuti, "Mayi, mbewu ibwera, koma tiyambe tazula." Mayi analoza kutsidya kwa khwawa, kumene kunali nthochi za munda wa masiye umene mwini wake anasamukira kutauni, zachisaka zokhazokha. "Nanga izo azula ndani?"

Mafunso atatu amenewa ndi a munthu woganiza bwino. Kuzula phata la nthochi lakale ndi ntchito yothyola msana, ndipo kachidutswa kalikonse kotsala m'nthaka kamaphukanso kali ndi matenda. Nthochi yobzalidwa lero imatenga pafupifupi chaka, mwinanso kupitirira, kuti ipereke mkoko woyamba. Ndipo ngati kutsidya kwa khwawa sikunazulidwe, nsabwe zamapiko zidzabwera, thukuta lonse lija lidzapita pachabe. Mayi amene akukana kuzula yekha pamene anzake sanazule wawerengera molondola. Chisaka sichithetsedwa ndi munthu mmodzi ngakhale atalimbikira chotani. Chimafuna mudzi wonse, ndi midzi yoyandikana nayo, pa nthawi imodzi, kuphatikizapo nthochi za kumanda, za m'mbali mwa mitsinje, za pa mabwinja, zimene zilibe mwini woti n'kumuuza.

Palinso kusamvetsetsana kwina pa mbewu ya mu labotale. Njira yake imadalira nkhani ya mitsempha yomweyi. Pansonga penipeni pa mphukira, pamene maselo akungogawikana kumene, mitsempha ya chakudya imakhala isanapangike, choncho vairasi nthawi zambiri amakhala asanafikepo. Akatswiri amadula kansonga kameneko, n'kukalera m'botolo, n'kupima ngati kalibedi vairasi, kenako n'kukachulukitsa. Mbewu yotere ndi imene inkagawidwa m'mapulogalamu a zaulimi monga KULIMA, ndipo malo ofufuza za ulimi a ku Bvumbwe akhala pakati pa ntchito yotsitsimutsa nthochi. Koma mbewuyi ndi yopanda matenda basi, si yosagwidwa matenda. Alimi ambiri anailandira akuganiza kuti ndi mtundu watsopano umene chisaka sichiukhudza. Itadwala chaka chachiwiri anati anapusitsidwa, ndipo amene wakhumudwa kamodzi savomeranso kuzula kachiwiri. Chikanakhala chabwino kuwauza poyera tsiku logawa lomwelo kuti nthochi iyi ndi yoyera lero, koma nsabwe ikaibaya idwala ngati ina iliyonse.

Pa mtedza tinachita mwayi. Kadukutu, amene ena amati khate, nayenso amadalira vairasi wa m'mitsempha ya chakudya kuti nsabwe zimunyamule, koma ofufuza a ku Chitedze pamodzi ndi a bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT anatulutsa mitundu yopirira monga Nsinjiro ndi Baka, ndipo mlimi akabzala msanga ndi mothithikana amapulumuka. Mtedza uli ndi njere, umakwatitsidwa mosavuta, ndipo munda umayamba mwatsopano chaka chilichonse. Nthochi yodyedwa ilibe njere, kuikwatitsa ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo phata limakhala pamalo amodzi mpaka kalekale likusunga chilichonse chimene chalowamo. Tisadikire mtundu wozizwitsa.

Kazulidwe kakenso kali ndi dongosolo limene ambiri saliuzidwa. Ukangofika n'kugwetsa nthochi yodwala, nsabwe zimabalalika n'kukatera pa zabwino, ndipo wafalitsa matenda ndi manja ako. Umayamba wapha nsabwe, ndi mankhwala ophera tizilombo kapena madzi a sopo, kuthira mpaka m'makoko ndi m'tsamba lapakati. Kenako umakumba phata lonse, kuliduladula tizidutswa kuti liume msanga, ndi kubwerako pakapita milungu kudzazula chilichonse chimene chaphuka. M'munda watsopano ntchito ndi yoyendera, tsamba ndi tsamba, mwezi ndi mwezi, kufunafuna timizere tija, ndi kuchotsa phata limodzi lodwala lisanadwalitse khumi.

Ndikanakhala ndi mawu pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za nthochi, ndikanachepetsako zogulira mbewu n'kuika zina pa anthu oyendera minda. M'mudzi uliwonse muli achinyamata a maso akuthwa amene angaphunzire kuzindikira chisaka m'masiku ochepa. Apatsidwe kangachepe mwezi uliwonse, mfumu iwapatse mphamvu yolowa m'munda uliwonse ndi yozula nthochi zopanda mwini, ndipo amene wazulidwa phata alandire mwana woyera kuchokera ku nazale ya m'mudzi momwemo, sabata yomweyo osati chaka chamawa. Nazale imeneyo ikhalenso kumene mayi wofuna kupatsira mwana wake wokwatiwa azikatengako mbewu, kuti kupatsana kupitirire koma kuchokera pa phata lopimidwa. Banja limene lazula munda wonse lithandizidwe ndi mbewu ya mbatata kapena nyemba yobzala pamalopo podikira mkoko woyamba, chifukwa chisaka sichigwira mbewu zimenezo, ndipo funso la mayi anga aang'ono la chimene ana adye liyenera kuyankhidwa khasu lisanagwe pansi.